Wezulo ya Anagama

Kuseri kwa mapiri amene inu simunafikeko kuli ufumu wotchedwa Palibevuto, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Pondaponda. Pakati penipeni pa mzindawo pamadutsa msewu wa Bwerakuno. Pakhonde la sitolo ina ya nsalu mumsewu umenewo pankakhala telala wamkazi, Mai Dolofina Nagama, amene tauni yonse inkangowatchula kuti Anagama. Anali mai wa thupi lawo, mawu omveka tsidya lina la msewu, tepi yoyezera ili pakhosi kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Mwamuna anali naye kale. Anachoka tsiku lina akuti akukagula ulusi wakuda, ndipo mpaka lero akusankhabe ulusiwo. Chimene chinatsala ndi makina osokera, akalekale, opalasa ndi mwendo, okhala ndi chipsera cha ayironi yamakala chakumbali ndi kansanza kofiira kobayapo mapini kozengedwa pakhosi. Makina amenewo ndiwo ankalipira nyumba, ndiwo ankaphunzitsa ana. Choncho Anagama ankawatchula kuti Abambo, ndipo potero sankaseka ayi.

"Abambo enieni ndi awa," ankatero akuwathira mafuta. "Samwa, sayendayenda, ndipo ndikawaponda sabwezera."

Pakhonde lomwelo pankakhalanso a Zakeyu Kamwendo, mkulu wowonda amene ntchito yake inali kuyeza anthu pasikelo. Anthu anaiwala kale dzina lawo, ankangoti a Sikelo. Munthu wotha tsiku lonse akuuza anthu zoona zimene sakuzifuna, pakamwa pake pamauma. A Sikelo pakamwa panali pouma kwambiri.

Tsono akuba a mu Pondaponda sankadikira mdima. Ankati mdima ndi wa afiti, iwo ndi anthu apantchito. Apolisi a mfumu analiko, inde, koma ukapita kukadandaula ankakuuza kuti galimoto ilibe mafuta, bwerera ukamutenge wakubayo ubwere naye, usaiwalenso cholembera. Anthu a mu Bwerakuno atatopa nazo anakhala pansi okha, napanga gulu lachitetezo. Aliyense wogulitsa mumsewumo anagula wezulo, ndipo anasankha Anagama kukhala wapampando chifukwa panalibe wina amene akanawatsutsa n'kumveka.

Lamulo lawo linali limodzi basi: wezulo ikalira, siya chimene ukuchita, thamangitsa amene akuthawa. Panalibe zofunsana kuti waba chiyani, kapena ndi mwana wa yani. Wometa ankasiya mutu theka, wokazinga tchipisi ankathamanga ndi chipande m'manja, ngakhale kasitomala ankapezeka ali pa liwiro nsapato imodzi ili kwa wosoka. Wakuba akagwidwa samamenyedwa. Zimenezo Anagama anakana kwamtuwagalu. Ankamukweza pasikelo, kumukhuthula matumba, kumukwezanso kuti anthu aone mmene wapepukira, kenaka kumuveka diresi lachikasu la maluwa ndi kumupatsa tsache kuti asese msewu wonse. Mkulu wa akuba a m'tauni, bambo wandevu zake wotchedwa Kamphepo, analivala kawirikawiri diresilo mpaka Anagama anachita kulibweza m'chiuno kuti lizimukhala bwino.

Zinthu zinayenda, abale. Misewu ina inaonera, nayonso inagula mawezulo. Amayi anayambanso kunyamula zikwama paphewa m'malo mozikumbatira ngati khanda. Koma mukudziwa kuti ku Palibevuto chinthu chikayamba kuyenda bwino popanda chithunzi cha mfumu, ndiye kuti chalakwika.

Nyumba yachifumu, imene imatchedwa Ndakhuta, ili paphiri moyang'ana tauni, ndipo mphepo ya masana imakwera phiri limenelo. Mfumu Gonapamwamba Wachiwiri, Mthunzi wa Amasiye, Mwini Mvula ndi Dzuwa Lomwe, inali ndi chizolowezi chogona ikatha kudya masana. Mawezulo aja anayamba kuidula tulo. Choipitsitsa, mlendo wina wochokera ku ufumu woyandikana nawo anafunsa patebulo kuti, "Kodi kunoko mpira umaseweredwa tsiku lililonse?" Atamuuza kuti ndi akuba akuthamangitsidwa, mlendoyo anagwira thumba lake. Mfumu inachita manyazi mpaka inasiya nyama m'mbale, chinthu chimene ophika anali asanachionepo.

Apampando onse a misewu anaitanidwa ku Ndakhuta kuti akapereke maganizo awo. Ku Palibevuto kupereka maganizo kumachitika ndi manja awiri, ndipo kumamveka kuti phwa phwa phwa. Anagama anavala chitenje chawo chabwino, nakhala pabenchi lakumbuyo.

Woyamba kuyankhula anali Nduna ya Zamtendere ndi Tulo Tabwino, Olemekezeka a Vomerani.

"Mfumu yanga," anatero atagwada bondo limodzi, "tafufuza mozama. Tapeza kuti kale, mawezulo asanabwere, kuno ku Ndakhuta sitinkamva za wakuba ngakhale mmodzi. Mawezulo atabwera, akuba tikuwamva tsiku ndi tsiku. Funso n'lakuti, chabweretsa akuba n'chiyani?"

"Mawezulo!" nduna zonse zinayankha pamodzi.

Mfumu inagwedeza mutu, maso ali theka. Kenaka kunawerengedwa lamulo. Pansanja ya wotchi ya m'tauni, wotchi imene inaima m'masiku a bambo ake a mfumu, padzakhala Womvetsera wa Mfumu ndi ndowa, msewu uliwonse ndowa yake. Kukamveka wezulo, mfuu, kapena mgugu wa anthu othamangitsana, Womvetsera adzaponya mwala m'ndowa ya msewu umenewo. Msewu wa miyala yambiri ndiwo phanga la mbava, ndipo udzasalazidwa ndi chibuludoza cha boma chotchedwa Chitukuko kuti pakhale poimika magalimoto a nduna. Msewu wa ndowa yopanda kanthu udzalandira mphatso kuchokera m'manja mwa mfumu.

Apa anaimirira Nduna ya Mphatso ndi Zithunzi, Olemekezeka a Bwezani, namwetulira mbali zonse. Za mphatso za ku Palibevuto ndikuuzeni. Ufumu wonse unali ndi njinga imodzi. Njinga imeneyo inaperekedwapo kwa mlimi wabwino, mphunzitsi wabwino, mzamba wabwino, ndi wina amene anangobadwa tsiku limodzi ndi mfumu. Wopambana ankaigwira chiwongolero, kumwetulira, wojambula n'kujambula, ndipo njinga inkakwezedwanso mulole kuti ikasangalatse ena. A Sikelo nawo anaipambanapo chaka china, ndipo amanyadira kuti anapeza mpata woliza belu kamodzi.

Anagama analephera kuugwira mtima. Anakweza dzanja, osati kuti aombe.

"Pepani Olemekezeka, ine ndine wosaphunzira. Nanga wakuba akabwera tizitani?"

A Vomerani anawayang'ana mwachifundo. "Mai, wakuba amadziwika ndi wezulo. Ngati wezulo sinalire, ameneyo ndi mlendo. Kodi makolo anu sanakuphunzitseni kulandira alendo?"

Manja anaombedwa. Anagama anabwerera ku tauni wapansi, akutukwana chamumtima njira yonse.

Poyamba anthu ankayesa nthabwala. Koma msewu wa Mwatero, kumene kunali anyamata oitanira minibasi okonda kuimba likhweru, unadzaza ndowa yake msanga, ndipo Chitukuko chinafika m'mawa wina chikufuka utsi. Pofika masana kunalibe benchi, kunalibe khonde, kunali fumbi ndi amayi olira atasenza miphika. Kulira kwawo sikunawerengedwe chifukwa ndowa yawo inali itachotsedwa kale.

Kuyambira pamenepo Pondaponda anangoti zii. Oimbira mpira anayamba kukupiza mipango. Mai wina wogulitsa tiyi anakwirira ketulo yake yolira. A mu Bwerakuno anachita msonkhano wonong'ona, nagwirizana kuti aliyense achotse kanjere ka m'kati mwa wezulo yake kuti isalire ngakhale mwangozi. Onse anachotsa, kupatula wapampando.

"Chinthu chopanda ntchito ndinakhala nacho kale m'nyumba," anatero Anagama. "Sindifunanso china pakhosi." Anailowetsa m'kati mwa bulauzi, kanjere kali momwemo.

Akuba nawo si ana. Ataona mmene zinthu zilili anapita kusitolo, nagula mawezulo awo.

Tsiku limenelo linali lotentha, dzuwa lili pamutu. Anagama anali kusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu pamene mthunzi unagwera pansalu. Anali Kamphepo, atavala malaya oyera, sikuludilaiva ili m'thumba la pachifuwa ngati cholembera.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera. Ukufuna chiyani? Diresi lako lili m'chikwamamo."

"Ayi, lero ndabwerera Abambo. Tasunthani mwendo pang'ono, ndisakupwetekeni."

Anagwada, nayamba kumasula mutu wa makina pathebulo lake, mosamala ngati mwini. Anagama anaima ndi liwiro loti mpando unagwa chagada. Dzanja limodzi linagwira makina pakhosi, lina linasolola wezulo n'kuiika pakamwa. Kamphepo sanadzidzimuke n'komwe. Anatulutsa yake, yatsopano, yonyezimira.

"Lizani amayi, ndi mwala umodzi. Mukapanda kusiya makinawa ndiliza ine mpaka madzulo. Mapapo ndili nawo, mukudziwa mmene ndimathamangira."

Anthu anali atasonkhana, koma mwakachetechete, akuyenda chonyang'ama kuti mapazi asamveke kunsanja. Wometa anagwada. Mai wogulitsa nthochi, khanda lili kumsana, anagwira Anagama chitenje, misozi ili mbwembwembwe. Palibe amene anayang'ana Kamphepo. Onse ankayang'ana masaya a Anagama, ngati akufufuma kapena ayi.

"Mlongo wanga," ananong'ona a Sikelo, ndipo nthawi imeneyi pakamwa pawo sipanali pouma, "mwaona ku Mwatero. Tili ndi ana tonsefe."

Anagama anapumira m'mphuno, wezulo ili pakati pa mano. Anailuma mpaka nsagwada zinawawa. Kenaka zala zawo zinamasuka chimodzichimodzi. Kamphepo anasenza Abambo paphewa, nathokoza, nayenda pang'onopang'ono pakati pa msewu, anthu akumupatukira. Anagama analira, ndipo ndikunena kulira kwenikweni, kwa munthu woferedwa, koma analira atatseka pakamwa ndi yunifolomu ya mwana wa eni.

M'mawa mwake anapita kupolisi. Wapolisi wa pakauntala anatuluka panja, nayang'ana kunsanja, nabwerera.

"Mai, ndowa ya Bwerakuno ilibe mwala. Ndiye kuti kwanuko sikunabedwe kanthu. Mwina makinawo mwangobwereketsa. Kumbukirani bwino."

Masiku otsatira anali owawa. Anagama ankabwerabe pakhonde, chifukwa akanapita kuti? Ankakhala kuseri kwa thebulo lopanda mutu, akusoka ndi singano yamanja, mwendo ukupalasa wokha chopondera chosayendetsa kanthu. Makasitomala anatenga nsalu zawo mmodzimmodzi, akupepesa. Mwana wamkulu anabwezedwa kusukulu. Mwini nyumba anayamba kupereka moni wautali. Anthu a mumsewu ankawabweretsera nthochi, tchipisi, kapu ya tiyi, koma sankawayang'ana m'maso. Thupi lija linayamba kutha, ndipo a Sikelo, amene ankayeza aliyense wodutsa ndi maso okha, anasiya kuwaitana kuti akwere ulere.

Nyengo ya mpikisano itatha, wailesi ya Liwu la Ndakhuta inalengeza kuti umbava watheratu mu ufumu wonse, ndipo msewu wa Bwerakuno wapambana, ndowa yake yauma ngati chilala. Inawonjezera mwachidule kuti chaka chino mphatso sikhala njinga, chifukwa njinga ija yapita kokacheza ndi alendo.

"Imeneyo ndiye nkhani yabwino," anatero a Sikelo. "Mwina tsopano ipeza woikwera."

Tsiku la mwambo msewu unasesedwa, miyala ya m'mbali inapakidwa laimu, opemphetsa anatengedwa palole kukaona mapiri. Anamanga nsanja ya matabwa pafupi ndi sitolo ya nsalu. Kumapeto kwa msewu kunaimikidwa Chitukuko, chitavekedwa maliboni, kuti anthu akumbukire chikondi cha mfumu. Womvetsera anatsika kunsanja yake ndi ndowa ya Bwerakuno, akuionetsa uku ndi uku, naitembenuza kuti aliyense aone kuti simukugwa kanthu.

Nduna zinakhala mzere, masuti akuda, mimba patsogolo, manja m'matumba. Pakati pawo panali nkhope yatsopano, ndevu zometedwa bwino, tayi wofiira. Anagama anachita kupukuta maso. Anali Kamphepo. A Vomerani anamudziwitsa kwa anthu monga Mlangizi Wamkulu wa Mfumu pa Chitetezo cha M'madera, munthu amene amadziwa khomo lililonse ndi zenera lililonse la m'tauni.

"Pamenepo sananame," anatero a Sikelo.

Mfumu inayankhula nthawi yaitali. Inati pamene inkalowa ufumu inapeza akuba ali ponseponse ngati nyerere, koma lero mwana akhoza kusiya bande la chuma pakati pa msewu, n'kukalipeza kwa wachibale wa nduna litasungidwa bwino. Inati maiko akunja akutumiza akatswiri kudzaphunzira bata la Palibevuto. Inati ngakhale agalu aona okha kuti kuuwa kulibenso phindu. Anthu anapereka maganizo awo ndi manja awiri.

"Tsopano," anafuula a Bwezani, "wapampando wa msewu wopambana, Mai Dolofina Nagama, abwere kutsogolo!"

Anagama anakwera masitepe ngati wopita kumanda. Patebulo panali chinthu chovundikiridwa ndi nsalu ya mbendera. A Bwezani anavundukula. Anali makina osokera, opakidwa utoto wagolide paliponse, mpaka singano yomwe. Koma wopakayo anali waulesi. Chakumbali chipsera cha ayironi chinkaonekerabe pansi pa utoto, ndipo pakhosi panali kansanza kaja, kouma gwa ndi golide, mapini atatu ali momwemo mmene mwini anawasiyira.

Anagama anawazindikira Abambo. Anafuna kuseka, anafuna kulira, anafuna kuluma munthu. Anayang'ana Kamphepo, ndipo Mlangizi Wamkulu anayamba kuwerenga mitambo.

A Bwezani anawayandikira, nanong'ona akumwetulira anthu. "Mwambo mukuudziwa, mai. Mfumu inyamula, inu mugwire mbali imodzi ndi zala ziwiri, mumwetulire. Musakoke. Lole ikudikira, mawa akufunika ku mzinda wina."

"Olemekezeka, makinawa ndi anga."

"Inde, ndi anu, mpaka wojambula atamaliza."

Mfumu inavula magolovesi. Inkafuna kuti chithunzi chionetse mphamvu zake, choncho inakana thandizo, ninyamula makina aja yokha, ndi manja awiri, kuwatsamiritsa pamimba. Nkhope inasintha pang'ono, chifukwa makina akale si mbale ya nyama. Tebulo linakokeredwa kumbali kuti lisaononge chithunzi. Wojambula anawerama.

Anagama anaika zala ziwiri pa Abambo. Chitsulo chinali chotentha ndi dzuwa, ndipo pansi pa fungo la utoto ankamvabe fungo la mafuta amene anathira ndi manja awo. Anayang'ana lole, chitseko chake chakumbuyo chili chotsegula. Anayang'ana Chitukuko ndi maliboni ake. Anayang'ana pansi, kumene anthu ake anali ataima: wometa, wa tchipisi, mai wa nthochi ndi khanda lake. Onse anali atakazindikira kansanzako. Ulendo uno palibe amene anagwada. Mai wa nthochi anangomasula chitenje, namanganso mwana mwamphamvu, monga achitira mkazi amene akudziwa kuti athamanga.

"Mwetulirani, mai!" anatero wojambula.

Anagama analowetsa dzanja m'bulauzi, nakoka mpweya wonse umene anausunga kuyambira tsiku lija.

Pyeeeeee!

Abale inu, zimene zinachitika apo ine sindikanakhulupirira ndikanangomva kwa munthu mmodzi. Wezulo isanathe kulira, nsanja inali itagwedezeka. A Vomerani analumpha chitsulo chotchingira ngati mnyamata. A Bwezani anadutsa pansi pa tebulo, natulukira mbali ina ali kale pa liwiro. Nduna ya Misewu inagwera m'dzenje la mumsewu wake womwe, nidzuka, nipitiriza. Nduna ya Zaumoyo, imene imayenda ndi ndodo pamaso pa anthu, inaiwala ndodo. Kamphepo, poti ndi katswiri, anali atakhota kale pakona. Palibe amene anawaloza chala. Palibe amene anatchula dzina la munthu. Miyendo yawo inangomva wezulo, niyankha yokha.

Ndipo miyendo ya anthu a mu Bwerakuno nayo inali isanaiwale lamulo lake. Amene akuthawa, mthamangitse! Msewu wonse unanyamuka ndi mfuu imene inali itaunjikana pakhosi nyengo yonseyo. Wa tchipisi ndi chipande chake, wometa ndi lumo, amayi a kwaya amene anabwera kudzaimba, opemphetsa amene anali atangobwerako kumapiri. Asilikali olondera mfumu nawo anathamanga, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati ankathamangitsa kapena ankathawa. Womvetsera anayang'ana ndowa yake, nayang'ana fumbi, naikhazika pansi chafufumimba n'kukhalapo.

Pansanja panatsala anthu atatu: mfumu, Anagama, ndi wojambula. Pansi panatsala Womvetsera pandowa yake ndi a Sikelo, amene sathamanga chifukwa cha bondo.

Mfumu inatembenuka uku ndi uku, makina ali pamimba, thukuta likutsika m'khosi. Tebulo linali kutali. Kuponya pansi mphatso yachifumu wojambula akuona sikukanatheka.

"Mai," inatero ndi mawu aang'ono amene anthu anali asanawamvepo, "wakuba ndani?"

"Ife kuno sitifunsa, Mfumu. Timangothamangitsa amene wathawa."

"Ine sindinathawe."

"Ndaona, Mfumu."

"Ngolemera makinawo," anatero a Sikelo chapansipansi, akuyang'ana zikhadabo zawo.

Mthunzi wa Amasiye anakankhira makina m'mwamba ndi bondo. "Ndiwaike pati?"

"Pamalo pawo. Si patali. Tsikani bwino, sitepe yachiwiriyo ndi yogwedera."

Choncho Mfumu Gonapamwamba Wachiwiri, Mwini Mvula ndi Dzuwa Lomwe, inatsika masitepe chammbali, niyenda pambuyo pa telala wa pakhonde itasenza makina ngati waganyu wa pamsika, mpaka pa thebulo lopanda mutu lija. Mabowo anakumana okha ndi mabawuti ake. Anagama anamanga mabawutiwo ndi sikuludilaiva imene Mlangizi Wamkulu anagwetsa polumpha, ndipo anamanga mpaka chitsulo chinalira. Wojambula, poti sanauzidwe kuti aleke, anajambula zonse.

Chakumadzulo nduna zinayamba kubwezedwa imodziimodzi, zitagwidwa malamba, mabuluku ong'ambika m'mawondo ndi kumbuyo. Diresi lachikasu linali limodzi, ndiye anachita kusinthana. A Sikelo anaziyeza zonse kawiri monga mwa mwambo, ndipo amati chiyambire ntchito yawo sanaonepo anthu opepuka msanga chotero.

Usiku wonse anthu a mu Bwerakuno anamanga katundu, akudikira Chitukuko. Anagama sanamange kanthu. Anati ngati chibuludoza chibwera chidzawapeza akusoka.

Koma m'mawa Liwu la Ndakhuta linafotokoza zonse bwinobwino. Linati mumsewu wopambana pa bata simungalire wezulo ya wakuba, poti mfumu inali itanena kale kuti akuba kulibe. Imene inamveka inali wezulo yoyambitsa Mpikisano wa Liwiro la Mtendere, umene nduna zinakonza mwachinsinsi kuti zisangalatse anthu. Wopambana anali Olemekezeka a Bwezani, amene anafika mpaka kumlatho. Nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha mfumu itasenza makina, ndi mawu akuti Mfumu Yokonda Anthu Ifikitsa Mphatso Pakhomo. Chithunzicho chinapachikidwa m'maofesi onse, ndipo chitapachikidwa panalibenso wolimba mtima wokamasula mabawuti aja. Mpikisano unakhazikitsidwa kuti uzichitika nthawi iliyonse wezulo ikalira, ndipo ndowa zonse zinaperekedwa kwa amayi a ku Mwatero kuti azitungira madzi. Imeneyo ndiyo inali chipukuta misozi chawo chonse.

Dzuwa litakwera kunafika mthenga wa ku Ndakhuta ndi chimtolo. Anali mabuluku a othamanga aja. Telala wachifumu anali asanabwerere kuchokera kumene anathawira, ndiye ntchito inagwera telala wopambana mphatso.

Anagama anapala utoto pasingano, nathira mafuta, nachotsa kansanza kagolide n'kuzengapo kena kofiira. Anaika phazi pachopondera. Abambo anatsokomola kamodzi, kenaka anayamba kuyankhula monga kale, ndipo mai uja anapukuta maso ndi mkono osaimitsa mwendo. Anasoka mawondo, anasoka kumbuyo, ntchito yaukhondo yoti sungaone pamene panang'ambika. Atamaliza anatembenuza buluku lililonse, nasoka matumba onse kukamwa, am'mbali ndi akumbuyo omwe, mizere iwiriiwiri ya ulusi wakuda.

A Sikelo anasuzumira. "Mlongo wanga, nanga akuluakuluwa manja aziika kuti?"

Anagama anadula ulusi ndi mano, natenga buluku lina.

"Poyera," anatero. "Pomwe tonse tikuwaona."